Ana a Eni Ake Andilanda Timu

Lolemba, m'mawa

Lero ndiye lero. Timu yathu ya amayi ikuyamba kuyeserera sofutibolo, ndipo kaputeni ndine!

Sofutibolo ndi raundasi yomwe ija tinkasewera ku pulayimale, kungoti kuno anaiveka magolovesi ndi chipewa. Umenya mpira ndi chibonga, uthamanga kuzungulira mabesi, ubwerera pomwe unachoka. Zida ndinazipeza kuntchito, kunyumba yosamalira okalamba. Mwana wa gogo wina amafuna kutaya chikwama chonse m'bini, ine ndinati mayi, bweretsani kuno, Mmalawi sataya chinthu choti zipi yake ikugwirabe ntchito.

Loweruka tikusewera ndi amayi anzathu Achimalawi a ku Ilford, mbali ina ya London muno. Akhala akutinyoza pafoni mwezi wonse, akuti ife a ku Tottenham liwiro timalidziwa pothamangira basi pokha.

Koma ndinene zoona, popeza bukuli ndi langa. Kupambana sindikukufuna. Ndikufuna ola limodzi lokha lopanda munthu wondiitana. Kuntchito mabelu, uyu asambe, uyu adye, uyu wataya mano. Kunyumba, "Mum, where's my charger?" Bambo a m'nyumba muno akhala ku Ulaya zaka zonsezi koma komwe kumakhala mchere sakudziwa. Foni ikalira ndi kumudzi. Kutchalitchi ndikangolowa andipatsa khanda la wina. Manja angawa asambitsa anthu, adyetsa anthu, apukuta anthu mpaka atopa. Ndikufuna agwire mtengo, amenye chinthu ndi mphamvu zonse, pasapezeke wodandaula.

Malamulo a timu, ndawatumiza kale:
- Ana ayi. Asiyeni ndi abambo awo, safa.
- Mafoni m'chikwama.
- Nkhani za mashifiti, za manejala, za amuna, zitsale pageti.
- Wogwa adzuke yekha.

Lolemba, madzulo

Mayo ine!

Paki yonse yaikulu ija, malo oti n'kumenyerapo mpira ndi amodzi okha, pangodya pomwe pali mpanda wautali wa waya. Kwina konse kuli anyamata a mpira wa miyendo, agalu, ndi magalimoto a eni ake oimikidwa m'mbali. Tafika ndi chikwama chathu, tapeza pangodyapo padzaza ana. Ana a besibolo, mchimwene wake wa sofutibolo! Mayunifolomu oyera, zipewa zazikulu kuposa mitu, akuthamanga uku ndi uku ngati nyerere zoti wina waziponda. Wowayang'anira ndi kochi mmodzi, mnyamata wamtali, wezulo pakamwa.

Akuti malowa sabukitsa, ndi a wofika msanga. Akutinso anawo ali ndi mpikisano Loweruka lomwelo, ndiye azibwera tsiku lililonse.

Taima pansi pa mtengo, amayi akuluakulu ovala matrakisuti atsopano. Aliyense akuyang'ana mnzake kuti akalankhule. Palibe wapita. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, ife tafera pansi pa mtengo. Pomwe anawo akumaliza, theka la timu likuthamangira kale basi ya kuntchito.

Mipira yomenyedwa lero: palibe.

Chondidetsa nkhawa ndi Mai Tembo, mnzathu wa ku Zambia, amene ali ndi dzanja loponya kuposa tonse. Nthawi yonseyi maso awo ali pa kamwana kena kopanda jekete. Ndawamva akung'ung'udza, "Manje amai bake bali kuti, na mphepo iyi?" Ndawakumbutsa lamulo loyamba.

Lachiwiri

Nzeru yabwera ndili pa basi. Nkhani ya malo sitikamba tokha, timatuma munthu. Ndipo munthu tili naye: Anachisale, wamkulu wa tonse mu timu. Maukwati a Amalawi a mbali ino ya London, theka ankhoswe ake ndi iwo. Anabwezapo mkazi wa munthu atafika kale pa eyapoti ndi masutikesi. Kamnyamata ka wezulo n'chiyani?

Pempho ndi losavuta: ana ayambe ife timalize, kapena tigawane masiku.

Anachisale avomera, koma akuti, "A kaputeni, munthu sapita kukapempha malo chimanjamanja." Abwera ndi chidebe cha mandasi. Chidebe, osati mbale!

Madzulo ndikuonera patali, pansi pa mtengo wathu wa manyazi uja. Zomwe ndaona:
- Anachisale apinda bondo pang'ono. Kochi wavula chipewa, akusowa pochiika.
- Chidebe chatsegulidwa. Ana asiya mpira uli m'malere.
- Kochi wagwira mutu, akukuwa za maaleji, kuti ena kamtedza kamodzi kakhoza kuwagoneka kuchipatala.
- Sisita Phiri, namwino wathu, amene amayenera kuima pa besi yoyamba, athamanga liwiro lomwe sindinaliwonepo. Andandalika ana pamzere, akufunsa mmodzimmodzi chimene sadya.

Patapita nthawi yaitali nthumwi yabwerera, chidebe chopanda kanthu.

"Mnyamata uja ndi waulemu, koma ndi woonda. Amakhala yekha, mayi ake ali kutali. Ndipo ana onsewa ali nawo yekhayekha, makolo amangowatsitsa pageti ngati katundu."

"Nanga za malo?"

"Iii, a kaputeni, munaona kuti ankhoswe akutchula nkhani tsiku loyamba? Lero kunali kudziwana."

Kudziwana! Loweruka likubwera, ife tikudziwana!

Pafoni a ku Ilford alemba: "Mwakonzeka a Tottenham? Kapena tikubweretsereni ndodo zoyendera?" Ndayeserera kumenya m'khitchini ndi mthiko, ndagwetsa wotchi ya pakhoma.

Lachitatu

Basi, zaulemu zatha. Akuti malo ndi a wofika msanga, ndiye tifika msanga. Ndasinthana shifiti ndi mnzanga wa kuntchito, ndipo wandidyera masuku pamutu, ndidzamugwirira pa Khirisimasi.

Tafika dzuwa likadali pamwamba. Pangodya pali zii. Ndayala mabesi, ndamangirira chitenje pawaya kuti aliyense aone kuti pali eni. Ndavala chipewa. Ndagwira chibonga. Mai Tembo aima patsogolo panga ndi mpira, akuzunguza mkono. Mtima wanga uli phaphapha ngati tsiku la ukwati.

Kenako kamawu kumbuyo kwanga: "Auntie, did you bring the doughnuts?"

Ana! Afika msanga kuposa masiku onse. Mbiri ya mandasi yawanda kusukulu, abweranso ndi ena oti besibolo sakuidziwa n'komwe. Makolo awatsitsa pageti, aona amayi akuluakulu pabwalo, akweza dzanja, ulendo. Kochi kulibe, wachedwa pamsewu.

Ndiye malo tawapeza, inde. Koma mpira wa sofutibolo ndi wouma ngati dzaye. Uumenya bwanji tiana tili mbwee pakati pa miyendo?

Ndakuwa kuti aliyense abwerere pamalo pake. Wondimva palibe. Anachisale akuwerenga mitu. Sisita Phiri apeza mwana wa chifuwa, akumufunsa komwe wasiya mankhwala ake opopera m'kamwa. Wina akumanga zingwe za nsapato, wina akuluka tsitsi lomwe lamasuka. Mai Tembo atulutsa jekete m'chikwama. Anachita kuinyamula kuchokera kunyumba! Ndiye kuti chiwembuchi chinakonzedwa kale.

Kochi wafika ali wefuwefu, wathokoza mpaka kutsala pang'ono kulira. Kenako wafunsa ngati mayi a dzanja lamphamvuwo angaponyereko ana pang'ono, popeza iye phewa likumupweteka.

"Ba captain, five minutes chabe, nizabwela," atero Mai Tembo.

Tabalalika akuponyabe. Ine chibonga chili m'manja, sindinamenye ngakhale ntchentche. Khirisimasi yanga yapita chonchi.

Lachinayi

Ndasamutsa timu. Tipite kutsidya la paki, kutali ndi mayesero. Ndalemba pafoni ndi zilembo zazikuluzikulu.

Abwera ochepa. Enawo akuti akungodzera kungodya kukasiya madzi akumwa, abwera pompano. Pompano wake mpaka tsopano.

Kutsidyako n'kwa agalu ndi atsekwe. Zotsatira:
- Besi yachiwiri ili pa zitosi. Zitosi za tsekwe wa ku London si zamasewera, amadya buledi.
- Mpira woyamba watengedwa ndi galu wamkulu ngati mwana wa ng'ombe. Mwini wake wabwera, wagwada, wapepesa galuyo kuti tamudzidzimutsa.
- Mpira wachiwiri uli m'dziwe.
- Foni yalira m'chikwama, ndaphwanya lamulo langa lomwe. Bambo akufunsa ngati mpunga amathira madzi asanayatse moto kapena atayatsa.

Kenako mphepo yabweretsa mawu ochokera kungodya. Nthungululu! Nthungululu imeneyo ndingaizindikire ngakhale ndili m'tulo, ndi ya Anachisale. Paukwati wa mwana wa mchemwali wanga sanaimbe yaitali chonchi.

Ndapita komweko nditapsa mtima. Ndapeza timu yanga yaima kuseri kwa waya, ikuvinira kamtsikana koti kamenya mpira koyamba chibadwire. Sisita Phiri apachika kale chikwama cha mankhwala cha kochi paphewa ngati anabadwa nacho. Ngakhale ochepa aja ndinali nawo kwa atsekwe anditsatira, afika n'kulowa m'gule.

Ndawakokera pambali Anachisale. Ndawauza kuti tinagwirizana. Ndawauza kuti sabata yonse timasamala anthu a eni, ndipo ola limodzi lokhali linali lathu. 

Andigwira dzanja. "Mwana wa mnzako ngwako yemwe, a kaputeni."

Amene anapeka mwambi umenewu sankagwira shifiti yoyambira m'mawa kufika madzulo. Ankakhala pamthunzi, ana a mnzakewo akumutungira madzi.

Kunyumba ndapeza mpunga wapsa pansi, pamwamba ndi wauwisi. Bambo akuti vuto ndi poto.

Lachisanu

Ndaitanitsa msonkhano papaki pomwepo kuti tibwezeretse mwambo. Kulakwitsa! Amalawi ukawaitanira msonkhano amatulukamo ndi komiti.

Tayamba ndi pemphero. Anachisale apempherera ana, makolo awo, phewa la kochi, ndi kuti kochiyo apeze mkazi woopa Mulungu. Sofutibolo sinatchulidwe. Ndisanatsegule pakamwa wina waimika dzanja, akuti zinthu zikuyenda mwachisawawa, mandasi dzulo anachepa, pafunika dongosolo. M'kanthawi kochepa:
- Wapampando: Anachisale.
- Zaumoyo: Sisita Phiri.
- Zoponya ndi majekete: Mai Tembo.
- Ine akuti ndikhale mlangizi. Ndakana. Aomba m'manja ngati ndavomera.

Komiti ya timu ya ana a eni, oti ngakhale maina a makolo awo sitikuwadziwa!

Ndikanakwiya bwinobwino pakanapanda mayi wina. Wabwera kudzatenga mwana wake, wopanda jekete uja, ali mu yunifolomu ya oyendetsa basi, maso ofiira ndi tulo. Wagwira Mai Tembo manja onse awiri. Akuti amalera yekha, ndipo sabata ino mwanayo akudzuka osadzutsidwa, akuuza aliyense kuti ali ndi maanti ku paki. Walira. Mai Tembo alira. Ine ndayang'ana kumbali ngati ndikufunafuna china chake mu udzu.

Ndakwiya, ndipo chondipweteka kwambiri n'choti ndilibe womukwiyira. Ana ndi ana. Kochi ndi mwana wabwino. Anzangawa akungochita zomwe amayi athu anatiphunzitsa. Ndiye woipa ndine, wofuna kumenya mpira?

Koma Mulungu sataya wake. Kochi wabwera yekha kwa ine, chipewa m'manja monga wamuphunzitsira wapampando. Akuti mawa ana akamaliza mpikisano wawo, bwalo lonse ndi lathu, iye akhala woyimbira. Lathu lokha! Sitinayeserere ngakhale kamodzi, koma raundasi ili m'magazi.

Ndasita jezi yanga. Ndaika mchere, mpunga wophikaphika ndi chaja pa tebulo kuti mawa pasapezeke wondiimbira.

Loweruka

A ku Ilford afika atavala zofanana, akuimba nyimbo yotinyoza kuchokera pageti. Anyamula makontena a mpunga ndi nkhuku zoti tidye masewera akatha. Angoona ana, nyimbo yathera pakhosi. Mtsogoleri wawo wafunsa, "Awa adya?" Ndadziwiratu kuti matendawa si a ku Tottenham kokha.

Ana athu, iyayi, ana a eni aja, aluza. Aluza moipa. Kulira kwake ngati kuchipatala tsiku la katemera. Matimu awiri a amayi agwada mu udzu, kupukuta misozi, kutsegula makontena. Mpunga wathu wapita.

Pamapeto pake ndalanda wezulo kwa kochi, ndaimba ndekha. Ndati tisewera, zivute zitani. Makolo achedwa monga mwa masiku onse, ndiye ana akhala kuseri kwa waya, mafupa a nkhuku m'manja, akutichemerera.

Nthawi yanga yakwana. Mpira woyamba ndaphonya. Wachiwiri ndaphonya mpaka kuzungulira thupi lonse, ana aseka. Wachitatu...

Phaa!

Sindinamvepo kukoma kotere. Kwadutsa m'manja, m'mapewa, mpaka kumsana komwe kumandipweteka zaka zonsezi. Mpira wakwera, wapitirira amayi onse a ku Ilford, ukulowera kwa atsekwe. Ndataya chibonga, ndathamanga. Ine! Mawondo omwe amadandaula pa masitepe a basi ali chete. Besi yoyamba ndaponda. Mphepo m'makutu. Ndikuseka ndekha ngati wamisala.

Pakati pa besi yoyamba ndi yachiwiri, kamtsikana kena kazemba kuseri kwa waya kuti kathamange nane. Kapunthwa. Kagwa chafufumimba pafupi ndi mapazi anga, kenako kayamba kulira.

Pabwalopa pali anamwino oti n'kudzaza wodi yathunthu. Pali komiti. Pali chikwama cha mankhwala. Mutu wanga ukuti thamanga mayi, lamulo unaika wekha, wogwa adzuke yekha.

Miyendo sinandifunse. Ndangozindikira ndagwada, ndakanyamula, ndikuuzira pabondo pomwe pasupuka, ndikuti pepa, pepa mama, tonthola. Kaminira pa jezi yanga yosita ija.

Mayi wa ku Ilford wafika ndi mpira, wandikhudza nawo paphewa mwaulemu. "Pepani mayi, mwatuluka."

Kenako makolo afika, ena nthawi ya shifiti yakwana, a ku Ilford akuti kwawo n'kutali. Masewera athera pomwepo. Wopambana sakudziwika, ndipo palibe akufunsa. Anachisale akuuza aliyense kuti iwo ankadziwa kale kuti kaputeni ali ndi mtima wabwino.

Si mtima ayi. Ndi chizolowezi.

Lamulungu

Thupi lonse likuwawa, ngakhale zikope.

Kutchalitchi abusa alengeza kuti amayi athu ayambitsa utumiki watsopano wofikira ana a m'paki, ndipo masomphenya ake anabwera kudzera mwa ine. Andiimiritsa. Mpingo wonse waomba m'manja. Bambo a m'nyumba muno akugwedeza mutu monyadira ngati anathandizapo. Ndangomwetulira. Fisi akagwa m'mbuna salankhula.

Za sofutibolo palibe akukambanso. Chikwama cha zida chinatsala kwa kochi dzulo, ndipo sindikukachitenga.

Potuluka Anachisale andipatsa matumba awiri akuluakulu. Mayunifolomu a ana, matope okhaokha ndi mafuta a nkhuku. "A mlangizi, makolo ena alibe nthawi." Ndawalandira. Mphamvu zotsutsira zinathera pa besi yoyamba.

Makina ochapira a kunyumba ndi aang'ono, ndiye masana ndakwera basi, ndatsika kutali ndithu, ndalowa m'kashopu kena kochapitsirako zovala, ka makina akuluakulu aja. Pofufuza m'chikwama ndapeza kuti foni ndaisiya pa tebulo kunyumba.

Ndakhala pampando wa pulasitiki. Muli kafungo ka sopo, mukufunda bwino. Bambo wina akuwodzera pakona, sakundidziwa, sakufuna kanthu kwa ine. Timalaya tikuzungulira kuseri kwa galasi, ine ndikungoyang'ana. Manja ali pamiyendo, sakuchita chilichonse. Mwina ndinagonako, sindikudziwa.

Makina ataima ndawayatsanso. Zovalazo zinali zitayera kale.

Madzulo ndauza Anachisale kuti zochapa za Lamulungu lililonse ndi zanga, asapatse wina. Akondwa kwambiri. Akuti ntchito imeneyo ndi yaikulu kwa munthu mmodzi, atumiza amayi awiri atatu azidzandithandiza, tizichezako. Afunsa kuti kashopuko kali pati.

Ndawauza kuti dzina la msewu ndaiwala.